Dothi la Achimwene, Kupitirira Nata

Tazimitsani kaye kanemayo, ana inu, mubwere nawo mapepala anuwo pathebulo pano. Yamikani, ndipatse magalasi anga, ali pamwamba pa hita yotenthetsera m'nyumbayo. Mayi anu andiuza asanapite ku shifiti kuti matikiti mwagula kale, mukatsikira ku Joni, mukabwereka galimoto n'kuyendetsa nokha mpaka ku Malawi. Sabata zitatu mwakhala mukunong'onezana pa kompyuta, ine ndili pampando pomwepa, munthu amene ndinayenda msewu umenewo mpaka imvi kumera. Palibe amene wandifunsa. Safunsa anadya phula, koma poti ndinu anga ndikuuzani ngakhale simunafunse.

Ndiyambe ndi chimene ndikufuna, musadzati agogo anatizungulira. M'mbali mwa njira imene mwajambula ndi cholembera chofiirayi muli manda a achimwene anga a Laisoni, agogo anu aakulu amene simunawaonepo ngakhale pachithunzi. Ndikufuna mukaime pamenepo, mukatape dothi lodzaza dzanja limodzi, mukalifikitse kumudzi. Ine adokotala anandiuza kuti mtima wangawu ndege sungaipirirenso. Mukapanda kuima inu palibe wina adzaime, chifukwa wodziwa malowo ndatsala ndekha. Chifukwa chake ndinena tikafika pamenepo. Tiyeni tiyende bwinobwino, kuyambira kumunsi kwa mapu.

Mu Joni musachedwemo. Mukanyamuke m'mamawa, mukawoloke Limpopo dzuwa likadalipo, mukagone m'Botswana. Ife njira imeneyi sitinkaiyenda pofuna kuona dziko ngati inu. Nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njira yaifupi ya ku Tete, ndiye malole a fodya ndi tiyi ankazungulira uku, pobwerera n'kusenza feteleza. A Laisoni ndiwo anandilowetsa ntchitoyo. Lole yathu chiwongolero chake chinali ngati mphero, pokhota umachita kuimirira. Ndikaliza magiya posintha, achimwene ankavula chipewa n'kundimenya nacho pabondo, kenako n'kuchivalanso. Bondo ili laphunzira zambiri kuposa mutu. Iwe Yamikani amene unalephera layisensi kawiri chifukwa cha raundabauti ya ku Lewisham mu London muno, ukanakhala ndi bondo lotupa chaka chonse.

Ndaonanso kabokosi kamene mwagula, kokhala ndi mayi wolankhula m'kati, wokuuzani kuti khotani kumanzere. Katengeni, sindikukaletsa. Koma mayi ameneyo sanamvepo ludzu, ndipo sakudziwa pamene pali madzi.

Kamba wathu ankakonza agogo anu aakazi, malemu mayi a mayi anu. Chigumu chachikulu chokulunga m'masamba a nthochi, mtedza wokazinga wothira mchere, mbatata zophika za tsiku loyamba, ndi chigubu cha thobwa. Thobwalo linkakhala laulemu masiku awiri, tsiku lachitatu linkayamba kutukumula chigubu, ndipo achimwene, amene anali munthu wa mpingo, ankalithira pansi akuyang'ana kumbali chifukwa cha chisoni. Tinali ndi pulayimasi yopopa yophikira tiyi, ndi thumba la madzi la kanivasi limene tinkapachika kutsogolo kwa lole. Mphepo ikamaliomba madzi ankazizira ngati a mumtsuko. Masiku ano mukagula madzi a m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta, ndipo Tadala, mkazi wanga wamng'ono iwe, ukayamba wawerenga kaye zolembedwa pabotolo ngati mmene umachitira ndi yogati. Werenga, koma ukagule ambiri.

Francistown ndi tauni yomaliza imene mungapeze makaniko wodziwa ntchito. Mukaonetse matayala onse, mukafunse jeke ngati ilimo m'galimoto yobwerekayo, ndipo mukaiyese nokha musanachoke. Anthu ambiri amadziwira m'tchire kuti jeke yawo ilibe chogwirira. Kuchoka pamenepo dziko limayamba kuphwa. Mapiri amatha, mitengo imafupika, msewu umangoti tayale kutsogolo osakhota, ndipo tulo timabwera masana dzuwa lili pamutu. Muzisinthana maola awiri alionse ngakhale wina anene kuti sanatope. Mukaona galimoto yaima m'mbali wina akukupizira dzanja, chepetsani liwiro mufunse. Kuno ku London munthu akagwa pa siteshoni anthu amamulambalala akuyang'ana wotchi, koma kumene kuja woyendetsa sapitirira mnzake.

Mukamayandikira Nata mukaona kumanzere dziko loyera mbee, lopanda udzu ngakhale chiswe. Ndi mchere umenewo. Patali pamaoneka ngati nyanja, ng'ombe zikuyenda m'mwamba mopanda miyendo, koma madzi palibe. Kaoneni, n'zokongola, ine mpaka lero ndimazilota. Koma galimoto musakalowe nayo pamcherepo ngati kwagwa mvula, chifukwa pamwamba pouma pansi pali phala. Ndinaonapo thirakitala imene inapita kukakoka galimoto, nayonso n'kukhala komweko.

Tsopano tafika pa Nata, ndipo apa mundimvere bwino. Pa Nata mukadzaze chilichonse chimene chili ndi pakamwa: thanki, zigubu, mabotolo, ndi mimba zanu zomwe. Achimwene ankati pa Nata amamwa ndi wopanda ludzu yemwe. Kupitirira apo, m'masiku athu, unkatha kuyenda tsiku lonse osakumana ndi galimoto ina.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limasenda khungu. Tinkabwerera kumpoto ndi feteleza. Achimwene anali atayamba kumva kuphwanya m'thupi kuchokera ku Francistown, koma ankati ndi kutopa chabe, nandipatsa chiwongolero. Inali nthawi yoyamba kundisiyira gawo limenelo, ndipo mutu unandikulira. Kumbuyo tinali ndi madramu awiri a madzi, limodzi lopanda kanthu, lina lotsala theka. Pamjigo pa Nata tinapeza mzere wautali wa amayi ndi zidebe, ena ndi ngolo za abulu. Achimwene anati tidikire tidzaze. Ine ndinawerenga maola, ndinaona kuti tikadikira sitikapeza pantoni ya pa Kazungula, chibwato chowolotsa malole pa Zambezi, isanaweruke, ndiye ndinakana. Ndinawauza kuti theka la dramu ndi lokwanira, kuti iwo akukalamba n'chifukwa chake akuopa chilichonse. Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa pomwepa. Iwo anandiyang'ana, nati, "Chabwino, woyendetsa ndiwe." Anakwera n'kugona pampando.

Titayenda maola awiri paipi ya rediyeta inaphulika. Ndinaimanga ndi mphira wa chubu, ndinathira madzi athu m'injini, tinayenda pang'ono n'kuphulikanso. Ndinathiranso otsalawo. Kachitatu tinaima osayendanso, tili ndi madzi a m'thumba la kanivasi okha. Pamenepo n'kuti achimwene thupi litatentha ngati chitsulo cha injiniyo. Anali malungo. Ndinawagoneka pamthunzi pansi pa lole, ndikuwanyowetsa milomo ndi kansalu, mpaka thumba linauma. Tsiku lotsatira cha kumasana kunabwera abusa a ng'ombe pangolo ya abulu. Chilankhulo sitinkamvana, koma ataona anathamanga kukatenga madzi ndi mkaka wowawasa. Achimwene anamwa pang'ono, anatsegula maso, nandiuza kuti, "Pa pantoni ukatsike ndi giya yoyamba, katunduyu ndi wolemera." Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya.

Sindikudziwa ngati dramu lija likanawapulumutsa. Mayi anu, amene ndi namwino, ndinawafunsapo mozungulira ngati nkhani ya munthu wina, anati malungo otere amapha ngakhale madzi alipo. Mwina n'zoona. Koma ine ndikudziwa kuti anapempha madzi kawiri ndilibe chowapatsa.

Apolisi anabwera kuchokera ku Nata, analemba zolemba zawo. Ndi kutentha kuja, komanso malire awiri patsogolo, panalibe njira yonyamulira thupi. Akuluakulu a abusa aja anatipatsa malo m'mphepete mwa manda awo, anakumba okha, amayi awo analira maliro a munthu amene sanamudziwe dzina. Ine ndinazula chitsulo chimodzi cha sipuling'i yothyoka imene tinali nayo, ndinachizika kumutu. Lemba apa, Tadala. Mukachoka pa Nata kulowera ku Kazungula mukapeza geti ya matenda a ng'ombe, pamene amakutsitsani kuti muponde pachiguduli chonyowa ndi mankhwala, ndipo nyama yaiwisi amalanda. Mukadutsa getiyo muziyang'ana kumanzere. Pali mlambe wogawikana pawiri kuyambira pansi, ndipo kanjira ka ngolo kamalowa pambali pake. Musakangolowa kumanda ngati mukulowa m'paki ya ku Greenwich. Mukayambe mwapeza anthu, mukapereke moni mutakhala pansi, mukatule shuga ndi masamba a tiyi, ndipo iwo ndi amene akakulozereni.

Nditafika kumudzi ndi chipewa chawo chokha, mayi athu sanandifunse zambiri. Maliro atatha anandiitana kuseri kwa nkhokwe, anandipatsa kansalu koyera. Anati munthu akagona kutali, kwathu timakamutenga. Umatapa dothi la pamanda pake, umamutchula dzina n'kumuuza kuti tiyeni kwathu. Ndipo m'njira monse umamuuza pamene mwafika. Pamtsinje uliwonse umati tikuwoloka, pamalire umati tikulowa dziko lina, ukaima kuti udye umamuuza kuti taima, ponyamuka umamudzutsa, kuti asatsale panjira. Ukafika naye, dothilo amaliika kumanda a kwanu, ndipo pamenepo mpamene mayi amaleka kuyang'ana kumsewu. Ndinalandira kansaluko ndi manja awiri, ndinalonjeza.

Tadala, ndakuona wakweza nsidze, ndipo zimene wang'ung'udza m'Chingerezizo ndazimva. Inde ndife Akhristu. Ndine mkulu wa mpingo ku Peckham kuja, ndipo sindikukuuza kuti dothi lili ndi makutu. Amene anali ndi makutu ndi mayi anga, ndipo anandituma.

Ulendo wotsatira ndinapita ndi kansaluko m'thumba la shati. Popita ndinati ndidzaima pobwerera. Pobwerera ndinadzaza madramu onse awiri pa Nata mpaka kusefukira, ndinadutsa geti, ndinauona mlambe uja uli patali. Ndinkati ndichotse phazi pamafuta, koma phazi linakana. Ndinaopa, ana inu. Ndinaopa kukagwada pamenepo n'kuwatchula dzina, ine amene ndinawanena kuti akukalamba. Ndinadutsa ndikuyang'ana kutsogolo ngati munthu wodutsa pakhomo pa apongozi. Ndinawoloka Zambezi, ndinadutsa Zambia yense kansalu kali kopanda kanthu. Nditapitirira Katete, nditaona kuti kwathu kwayandikira, ndinaima m'mbali mwa munda wa munthu, ndinatapa dothi pamzere wa mtedza n'kumanga.

Mayi analandira atakhala pamphasa. Anamasula kansaluko pang'onopang'ono, anafikisa dothilo ndi zala. Dothi la pamanda paja ndi mchenga wotuwa, woti sugwirana ngakhale uunyowetse. Limene ndinawapatsalo linali katondo wofiira. Mayi anali asanapitepo kutali kuposa ku Lilongwe, koma ndinali nditawauzapo kangapo za dziko la mchenga ndi mchere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Kodi kumeneko dothi lake ndi lofiira ngati kwathu kuno?" Ndinati eya. Iwo anati, "Ndiye sanagone pachilendo." Anamanganso kansaluko, ndipo m'mawa mwake anthu anakaika kumanda ndi nyimbo.

Mayi anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Ndikabwera kuulendo ankandiphikira nkhuku ngati kale. Ndimakhulupirira kuti anadziwa, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira. Msewu uja ndinauyendabe nthawi zambiri, ulendo uliwonse ndikuti wotsatira ndidzaima. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nkhondo inatha, njira ya ku Tete inatseguka, malole anasiya kuzungulira. Kenako maso anayamba kufooka, agogo anu aakazi anamwalira, mayi anu ananditumizira tikiti. Lero ndimakwera basi ya nsanjika ndi kakhadi kaulere ka okalamba, ndimakhala pampando wakutsogolo n'kumayendetsa ndi mapazi, dalaivala osadziwa kuti tilipo awiri.

Ndiye mukatapa dothilo, mukalimange m'kansalu koyera, mukachite zimene ine ndinatumidwa. Wolinyamula akhale Tadala, chifukwa Yamikani anataya pasipoti m'sitima ya ku Ilford ndipo sindinaiwale. Iwe Tadala, ukaliike pamiyendo, osati kumbuyo pamodzi ndi masutikesi. Kuchoka pamlambe kupita kumpoto ndi dziko la njovu. Mukaipeza pamsewu imani patali, osaliza hutala, osatsika kukajambula. Imachoka yokha ikafuna. Kenako tchire limatha mwadzidzidzi n'kufika pa Pandamatenga, chidikha cha dothi lakuda, minda ya mapira ndi mpendadzuwa mpaka pamene maso alekezera. Achimwene ankakonda kuima pamenepo n'kumwa tiyi, akuti munthu wolima apa ndiye angakwatire mudzi wonse. Kaimeni, mukamwe tiyi, mukawauze kuti ndi pa Pandamatenga.

Pa Kazungula palibe mlatho. Pali pantoni, chibwato chachitsulo chimene chimanyamula magalimoto kuwolotsa Zambezi. Malole amakhala pamzere masiku, koma galimoto zazing'ono zimadutsa kutsogolo, musakaime kumbuyo kwawo ngati anthu aulemu a ku England. Anyamata osintha ndalama akakuzingani, mukangomwetulira n'kupita pawindo la ofesi. Pantoni ikanyamuka, ukanene mokweza pang'ono chifukwa injini yake ndi yaphokoso, kuti agogo a Laisoni, tikuwoloka Zambezi. Wina akakufunsa pamalire kuti m'kansalumo muli chiyani, ukanene zoona. Anthu a kumeneko mwambowu akuudziwa.

Ku Livingstone kaoneni mathithi, ndikudziwa kuti n'chimene chakutengerani njira imeneyi, musandinamize. Achimwene anadutsa pafupi nawo zaka zonse zija osawaona chifukwa cha changu cha katundu, ndiye Tadala, ukapite nalo dothilo kumeneko. Kuchoka apo ndi Choma, kenako Mazabuka kumene mphepo imanunkha nzimbe, kenako mlatho wa Kafue. Mu Lusaka mukamva anthu akulankhula zofanana ndi zathu, kungoti amazidula michira ngati anzanu a ku Zambia a kutchalitchi aja. Mukagone mu Lusaka, ndipo mukamwetsenso mafuta musanatuluke, chifukwa njira ya kum'mawa ndi yamapiri ndi makhota, malo omwetsera ndi otalikirana. Potsikira ku Luangwa musadalire mabuleki okha, giya ikhale yaing'ono. Pafupi ndi mlatho amayi amagulitsa nsomba zowamba ndi madengu. Gulani nsomba za kumudzi, koma galimoto ikanunkha mpaka Chipata, musadzati sindinanene. Nyimba mukadye nthochi. Petauke, Katete. Pa Katete musaime.

Mukadutsa Chipata ndi malire, mwalowa Mchinji. Ukawauze kuti ndi kwathu kuno. Mtsinje womaliza woti uwatchulire ndi Bua, ndipo kuchoka apo njira ya kumudzi mayi anu akulemberani, ija munapitako muli ang'ono mukulira chifukwa cha nkhuku.

Kwatsala chinthu chimodzi, ndipo n'chimene chandichititsa kuzungulira ndi nsomba ndi nthochi. Kumudzi mukapeza alongo anga a Nambewe, amene anabadwa pakati pa achimwene ndi ine. Ndi okalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, koma mutu ndi lilime zili bwinobwino. Chaka chilichonse anthu akamakalambula kumanda, iwo amayambira pa kamtumbira ka a Laisoni, amazula udzu ndi manja, amawauza nkhani za pamudzi. Achita zimenezi zaka zoposa makumi awiri pa dothi la m'munda wa mtedza wa munthu wa ku Katete. Mukawapatsa kansaluko adzamasula, adzaona mchenga wotuwa, ndipo adzafunsa kuti nanga lija tinaika lija linali la yani.

Musakayankhe inu. Si mlandu wanu, ndipo Chichewa chanu sichingaunyamule. Yamikani, ukatulutse foni yako, ukaimbe nambala ya m'nyumba muno, ukawapatse m'manja. Usakatumize uthenga kwa mayi ako kuti andikonzekeretse, ndipo ukamva a Nambewe akweza mawu usakawalande foniyo poti mayunitsi akutha. Ukawasiye anene zonse. Tsiku limenelo sindidzapita kulikonse, ndidzakhala pampando uno kuyambira m'mawa, ndipo foni ikadzalira ndidzayankha ndekha.